Mikanda yokongola mu paketi koma mukatunga mitundu yafa: pofufuza vuto yambirani apa

Amayi anzanga otunga mikanda, ndi abambo omwe poti masiku ano aliponso ambiri, pali vuto lina limene limangobwerabwera ngati chimfine cha mu June ndipo ambiri timangolipirira osadziwa kuti likuchokera pati. Mwapita mmashopu a ku Limbe kapena mu msika wa Lilongwe, mwasankha mikanda yanu, ina yofiira psuu, ina yobiriwira, ina yabuluu ngati nyanja ya ku Mangochi mmamawa, mwaiyala pa tebulo mtima nkumati apa ndiye zitheka. Mwakhala masiku awiri mukutunga, msana kuwawa maso kuwawa, nde mwamaliza mwaikweza mmwamba nekilesi ija kuti muione bwino, koma ayi ndithu, mitundu ija yafa. Patali ikungooneka ngati matope, kaduwa kamene munavutika nako kuluka sikakuoneka nkomwe, kasitomala wangoyang'ana kamodzi nkufunsa kuti "mulibe ina?"

Ine zinandipweteka chaka china ndi oda ya zibangili za mbendera yathu, za pa 6 July. Wakuda, wofiira, wobiriwira, mitundu itatu basi. Zitatha, munthu akaima patali pang'ono ankangoona kachingwe kakuda bii, wofiira ndi wobiriwira zalowana osadziwika pothera wina poyambira wina. Ndinaganiza kuti mikandayo ndi yachabe, ndinakagula ina, zomwezonso. Kumeneko nkumene ndinayamba kuzindikira kuti mkanda suoneka pawokha. Umaoneka malinga ndi mnzake amene wagundana naye, ulusi umene wadutsa mkati mwake, khungu limene wagonapo komanso kuwala kwa malo amene muli. Ndiye musanataye ndalama kukagula mapaketi ena, fufuzani izi kaye, ndipo ndayamba ndi zimene sizilira ndalama.

Munasankhira pa kuwala kwanji?

Ili ndi losavuta koma ambiri limatigwira. Mu shopu muli babu, kunyumba mumatunga usiku ana akagona, magetsi akathima mwayatsa tochi ya foni kapena kandulo. Mababu ena amalemba 2700K pa katoni, amenewo kuwala kwake nkwachikasu ndipo buluu amaoneka wakuda, papo (purple) amaoneka ngati bulauni. Ena amalemba 6500K, oyera mbee, amenewo ndiye wofiira ndi olenji amaoneka ozizira. Sankhani mitundu masana, pakhonde, pa mthunzi, dzuwa lisakuwombeni mwachindunji. Mukasankha ikani mu timbale mwake, usiku muzingotunga zimene munasankha kale osasinthanso maganizo. Chithunzi chotumizira kasitomala pa WhatsApp jambuliraninso pomwepo, mutayala pepala loyera pansi, apo bii adzakuuzani kuti "si mtundu umene ndinaona uja".

Patani yasowa, zonse zangoti phatikiti

Apa ndikhalitsapo chifukwa pa mavuto onse amene anthu amandionetsa, ili ndiye lochuluka, ndipo ndi lomwe linapha zibangili zanga zija. Ife tikamasankha timayang'ana dzina la mtundu, uwu wofiira uwu wobiriwira, timati poti ndi yosiyana ndiye ioneka. Koma diso likakhala patali limayamba laona kuti ichi nchowala ichi nchakuda, dzina la mtundu limabwera pambuyo. Wofiira wakupsa ndi wobiriwira wa masamba a mango, olo ali osiyana chotani, kuda kwawo nkofanana, nde akagundana malire amasowa.

Kuyeza kwake nkosavuta. Thirani mikanda pang'ono ya mtundu uliwonse pa nsalu, timilu togundana, jambulani ndi foni, kenako chithunzicho chisandutseni chakuda ndi choyera, mafoni ambiri a kamera ali ndi fyuluta imeneyo. Yang'anani. Ngati timilu tiwiri tasanduka totuwa mofanana, dziwani kuti mukatunga tidzamezana. Mukufuna muone masitepe atatu, wina wowala, wina wapakati, wina wakuda. Foni ngati yathima chaji tsinzinani pang'ono maso mpaka zinthu zizioneka mwachimbuuzi, zimathandizanso chimodzimodzi.

Kukonza kwake sikuti musiye mitundu imene mumafuna ayi. Mumangosintha umodzi kuti ukhale wowalirapo kapena wakudirapo. Pa mbendera paja ndinasiya wobiriwira wakuda nkutenga wobiriwira wa msipu wongophuka kumene mvula yoyamba itagwa, wofiira nkutenga wowala wosaonekera mkati, basi mizere itatu yonse inayamba kuoneka munthu ali kutsidya la msewu. Pamene patani ikulola, njira ina ndi kulowetsa kamzere kamodzi ka mikanda yoyera kapena yakuda pakati pa mitundu iwiri imene ikumezana. Yang'anitsitsani mikanda ya amayi a Chingoni pa Umhlangano ku Ntcheu kapena pa Umthetho ku Hora ku Mzimba, muone mmene woyera amagwirira ntchito yolekanitsa mitundu inayo kuti uliwonse uyankhule pawokha. Agogo athu ankazidziwa izi ndi maso chabe.

Ndipo vuto la mtundu kusintha chifukwa cha mnzake silinayambe ndi ife. Ku Paris kuli malo akale owombako nsalu zapakhoma otchedwa Gobelins, ndipo mu 1824 anaikako katswiri wina, Michel Eugène Chevreul, kuti aziyang'anira zonyika ulusi mu utoto. Owomba ankadandaula kuti ulusi wakuda ukutuluka wofooka. Iye atafufuza anapeza kuti utoto unalibe vuto, wakudayo ankaoneka wofooka chifukwa cha mitundu imene anaiyandikiza, monga buluu ndi papo. Zimene anapeza anazisindikiza mu 1839 ndipo mpaka lero ojambula amaziphunzira. Kwa ife tanthauzo lake ndi ili: mkanda wotuwa pafupi ndi wofiira umaoneka ngati wobiriwirako, womwewo pafupi ndi buluu umaoneka ngati wapita ku olenji, mtundu wapakati pambali pa wakuda umawala, pambali pa woyera umada. Nde mukaona kuti mkanda wasintha mutautunga musathamangire kunena kuti anakupatsani paketi yolakwika, yang'anani kaye amene wakhala naye pafupi.

Mitundu ikulimbana, maso akuwawa kuyang'ana

Ili ndi vuto lotembenuza la lija. Chilichonse chikuoneka, koma chilichonse chikukuwa, ngati pa msonkhano pamene aliyense walanda maikolofoni. Kuti mumvetse jambulani chimene amachitcha color wheel, musachite kugula, tengani katoni mujambule bwalo ngati wotchi. Pa 12 ikani wofiira, pa 4 wachikasu, pa 8 wabuluu. Pakati pawo ikani ana awo, pa 2 olenji, pa 6 wobiriwira, pa 10 papo. Ine ndinamata mikanda yeniyeni ndi guluu pa nambala iliyonse nkupachika pakhoma pomwe ndimagwirira ntchito.

Mitundu yoyang'anizana pa wotchiyo, wofiira ndi wobiriwira, buluu ndi olenji, wachikasu ndi papo, imakwezana mphamvu. Nchifukwa chake chitenje cha buluu ndi olenji chimaoneka patali. Koma mukaipatsa malo ofanana, theka uku theka uku, yonse yowala kwambiri, imangomenyana. Wina akhale mwini nyumba wina mlendo. Ine pa mikanda 10 iliyonse ndimayesa kuti 6 ikhale ya mtundu waukulu, 3 ya wothandizira, umodzi wokha ndiye wa kamtundu kokuwa kaja. Si lamulo la boma, pena ndimaphwanya, koma chinthu chikamandisowetsa mtendere ndikawerenga ndimapeza kuti ndagawa mofanana. Mitundu yoyandikana pa wotchi, monga wachikasu, olenji ndi wofiira, kapena buluu, wobiriwira ndi wa pakati pawo uja wonga madzi a ku Cape Maclear, simenyana kawirikawiri, koma ndi imene imakonda kumezana, ndiye ibwezereni ku foto yakuda ndi yoyera ija.

Kasitomala akabwera ndi chitenje kuti mumupangire ndolo ndi nekilesi yoyendera limodzi, monga za pa chinkhoswe, musatenge mitundu yonse ya mu chitenjemo. Chitenje chanena kale zambiri. Tengani kamtundu kamene kali kochepa mu nsalumo, kaja kongodontheza apa ndi apo, mukapange kukhala mwini nyumba mu mikanda, nkuonjezera wakuda, woyera kapena golide.

Mtundu ndi womwewo koma pathupi wazima

Apa nkhani ndi ya galasi limene anapangira mikandayo. Mikanda ina ndi yosaonekera mkati, pa paketi amalemba opaque, ina ndi yoonekera ngati botolo, ina ili ndi siliva mu bowo imene amati silver-lined, ina ndi yosanyezimira yotchedwa matte, ina ili ndi kautawaleza pamwamba, ya AB ija. Wofiira wa mitundu isanu imeneyi ndi anthu asanu osiyana. Ya opaque ndi ya siliva mkati imabwera kutsogolo, yoonekera mkati ndi ya matte imabwerera kumbuyo. Ngati duwa lanu mwalipanga ndi yoonekera mkati, malo ozungulira nkuika ya siliva, duwa limira. Tembenuzani. Ndipo ya AB samalani nayo pa patani ya tizigawo ting'onoting'ono chifukwa kautawaleza kaja kamaponya buluu ndi papo pamene simunaziitane.

Mikanda yoonekera mkati imabwereka mtundu kwa chilichonse chili kumbuyo kwake. Mu paketi imaoneka yakupsa chifukwa yaunjikana yambirimbiri, pa mbale yoyera imawala, koma mzere umodzi pa khungu lathu lakudali wabuluu kapena wofiira woonekera mkati umangozimirira. Nchifukwa chake sampulo muziiyesa pa mkono panu osati pa mbale. Pa khungu lathu woyera, wachikasu, olenji, buluu wowala ndi golide za opaque zimayaka bwino zedi, ndipo mukafunitsitsa yoonekera mkati isakanizeni ndi ya siliva kuti izibweza kuwala.

Ulusinso. Anthu ambiri sauwerengera koma ndi mtundu nawonso. Ulusi wakuda mu mikanda yachikasu yoonekera mkati umaisandutsa yobiriwira mwauve, woyera mu mikanda yakuda umasuzumira pa mpata uliwonse ngati nsabwe. Tengani wofanana ndi mtundu waukulu, mukakayika tengani wotuwa. Twaini ya nsomba yoonekera ija imathandiza pa zongotunga, koma pa zoluka imauma ndipo chinthu sichigona bwino pakhosi. Mwina mwadala mukhoza kugwiritsa ntchito zomwezi, mikanda yoyera yoonekera mkati pa ulusi wapinki imatuluka pinki wofewa amene simungamupeze mu paketi.

Ndimafuna mitundu ilowane pang'onopang'ono koma patuluka mizere

Iyi ndi ntchito imene ndimaikonda kuposa zonse, buluu wakuda kuyamba kumapeto nkumayera mpaka woyera pakati, ngati mmene kumachera pa nyanja. Ochemerera Wanderers ndi Silver Strikers amaikonda ya buluu, a Bullets amafuna wofiira wopita ku woyera. Koma mikanda si penti, simungaisungunule, wosakaniza ndi diso la woyang'anayo. Ndiye mukangochoka pa mtundu uwu kudumphira pa winawo, mzere uoneka basi.

Chimene ndimachita ine ndi timbale tisanu ndi chivindikiro cha botolo choyezera. Kambale koyamba zivindikiro 4 za mtundu woyamba wokhawokha. Kachiwiri 3 za woyamba ndi chimodzi cha wachiwiri. Kachitatu ziwiri ziwiri. Kachinayi chimodzi cha woyamba 3 za wachiwiri. Komaliza wachiwiri yekha. Takasani bwinobwino kambale kalikonse, kenako potunga musasankhe, singano itole umene yakumana nawo. Apa mpamene ambiri timalakwitsa, dzanja limafuna kukonza, limati buluu awiri atsatana ndiike woyera, mapeto ake mwapanga patani ya uwu uwu uwu uwu imene diso limaigwira msanga ndipo pa zoluka imatulutsa timizere topingasa. Lolani atatu atsatane nthawi zina. Ngati ndi chingwe chimodzi chokha pamene kutola mwachisawawa kumaoneka ngati kulakwitsa, werengani: 3 ndi 1 kangapo, 2 ndi 2 kangapo, 1 ndi 3 kangapo.

Zikakanikabe, onani zinthu izi. Mwina mitundu iwiriyo yatalikirana kwambiri pa kuwala, monga buluu wakuda ndi woyera, kambale kapakati kamangooneka ngati mchere wothira pa makala. Pamafunika mlatho, buluu wapakati ndi buluu wowala, nde musakanize awiriawiri oyandikana, timbale tichuluke. Mwinanso mikanda ndi yaikulu. Paja nambala ya saizi ya pa paketi ikakula mkanda umachepa, 6/0 ndi pafupifupi mamilimita 4, 8/0 pafupifupi 3, 11/0 pafupifupi 2, ndipo ing'onoing'ono ndi imene imalowana bwino, ikuluikulu imafuna mtunda wautali kuti kusinthako kuoneke kofewa. Pa ndolo zazifupi musalimbane ndi 6/0. Komanso timbale tonse tikhale ta saizi imodzi ndi galasi la mtundu umodzi, matte pakati pa zonyezimira amaoneka ngati bowo.

Chinanso chimene chinandidabwitsa ine. Kusukulu tinaphunzira kuti buluu kuphatikiza wachikasu amabereka wobiriwira, ndipo ndi zoona pa penti. Pa mikanda sizitero. Mukasakaniza yabuluu ndi yachikasu nkuima patali mumaona zotuwa, osati zobiriwira. Wofiira ndi wobiriwira ndiye amapereka matope enieni. Ndiye ngati mukuchoka pa buluu kupita pa wachikasu gulani wobiriwira weniweni mumuike pakati, muziyenda mozungulira wotchi ija osadutsa pakati pake. Kuchoka pa wofiira kupita pa wobiriwira dzerani ku olenji ndi wachikasu, kapena ingolekanitsani ndi wakuda musayese nkomwe kuzilowanitsa.

Inali bwino, patha mwezi yasuluka

Ili ndiye limatiphera dzina, chifukwa kasitomala sabwera kudzadandaula, amangouza anzake. Mikanda yabwino mtundu wake umakhala mu galasi momwemo, anausungunulira limodzi, monga buluu wakupsa amene amachokera ku chitsulo china chotchedwa cobalt, ameneyo olo zaka zipite sasintha. Koma ina ndi chikomekome cha mkuyu, anangoipaka pamwamba. Kawirikawiri pinki wowala, papo, ndi yonyezimira ngati chitsulo ya golide ndi siliva ndi imene imakhala yopaka, ndipo thukuta, mafuta odzola, perefyumu, sopo ndi dzuwa la mu October zimaichotsa. Ya siliva mkati nayonso ikamanyowa pafupipafupi siliva uja amada.

Paketi yatsopano iliyonse ndimaiyesa ndisanaikhulupirire. Tengani pang'ono muviike mmadzi ofunda a sopo usiku wonse, mmawa muone ngati madzi asintha mtundu. Ina ipukuteni mwamphamvu pa kansalu koyera konyowa, ina pa thonje lothira mankhwala ochotsera penti wa mzikhadabo. Ina ikani pa windo masabata awiri, inzake mu kabati, mudzafananize. Ndipo umodzi ukulungeni mu nsalu, kuti tizidutswa tisakulowe mmaso, muuphwanye ndi pulayala. Mkati mukakhala moyera kunja kuli pinki, mwadziwa kale.

Yopakayo sikuti muitaye. Ikani pa ndolo zolendewera zimene sizikhudza khungu, kapena pa zokongoletsa za mnyumba. Koma pa chibangili, pa mphete, makamaka pa mikanda ya mchiuno imene munthu amasamba nayo kugona nayo, ikani ya mtundu wa mu galasi yokhayokha. Ndipo poti ndatchula ya mchiuno, kumbukirani kuti wofiira, woyera ndi wakuda ali ndi zimene amanena mbanja monga anankungwi amalangizira, ndiye mayi akaitanitsa mitundu imeneyi mufunseni mwaulemu ngati ikhale payokhapayokha musanayambe kuisakaniza kuti ikongole. Amene muli ndi njira yoitanitsira kunja, kaya kudzera kwa abale ku Johannesburg, ya ku Japan ya Miyuki ndi Toho ili ndi yopaka yolimbirapo, Miyuki amalemba Duracoat, Toho amalemba PermaFinish, ndipo ya Preciosa ya ku Czech Republic ili ndi ya opaque yambiri yabwino. Ndi yodula inde, ine ndimaisungira ma oda a ukwati. Zoti muzipaka penti woonekera wa mzikhadabo pamwamba kuti isasuluke ndinayesapo, amamata mikanda pamodzi chinthu nkuuma gwa, pakapita nthawi nkuyamba chikasu.

Mikanda yathera pakati, yatsopano sikufanana

Zimachitika olo nambala ya pa paketi ikhale yomweyo, chifukwa ku fakitale amapanga mmagulu ndipo gulu lililonse limasiyanako pang'ono. Ndinabwererapo ku shopu ina patangotha sabata, mtundu womwewo dzina lomwelo, koma wobiriwira wake anali wina. Gulani yokwanira ntchito yonse kamodzi nkuonjezerapo pang'ono. Mukaona kuti ikutha musadikire ithere, siyani yakale yokwana chivindikiro chimodzi kapena ziwiri, muisakanize ndi yatsopano monga timbale tija, kusinthako kubisale mkati. Ngati yatha kale psiti, masulani mizere ingapo yomalizira mupeze yosakanizira, kapena ikani kamzere ka golide kapena wakuda pamalo posinthira ndi kena kofanana nako mbali inayo kuti zioneke kuti munachita dala.

Pano ndisanayambe oda iliyonse ndimaluka kasampulo kotalika ngati chala, pa ulusi womwewo umene ndidzagwiritse ntchito, ndimakaika pa mkono nkukaima pagalasi masitepe atatu kumbuyo, kenako foto yakuda ndi yoyera ija. Zimanditengera mphindi 20. Kakakhala bwino ndimakasokerera mu kope ndi kulemba pambali saizi, kumene ndinagula ndi tsiku, kakakanika ndimakasokereramonso nkulemba chimene chinalakwika. Zibangili za mbendera zoyamba zija ndinasungako chimodzi, chili pa tsamba loyamba, pambali pake ndinalemba kuti wobiriwira wada, ulusi wakuda, ndinasankha usiku.